Mapointi 13 koma Physics 7, Chemistry sanalembe: angalowe uinjiniya?

MayiWaZitenje:

Moni nonse. Ndikhululukireni, ndilemba zambiri chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo ndipo kunyumba kulibe woti ndimufunse. Ine ndimagulitsa zitenje ku Lunzu, sukulu ndinalekezera fomu 2, choncho zinazi ndimangomva anthu akunena.

Ndikulera mwana wa malemu mkulu wanga, mtsikana wa zaka 18. Ndinamutenga kumudzi ku Phalombe itangodutsa Freddy mu Marichi 2023. Mlatho wa kwathu unapita ndi madzi usiku umodzi wokha, ndipo kwa milungu ingapo anthu ankaoloka mtsinje atasenza odwala pamsana. Chiyambire nthawi imeneyo mwanayu nyimbo yake ndi imodzi: akufuna kudzamanga milatho. Akaona simenti akuthira pamsewu amaima n'kumafunsa anthu aja mafunso mpaka ine manyazi kundigwira.

Walemba MSCE pasukulu ina ya CDSS ndipo zotsatira zake ndi izi: Chichewa 1, Masamu 2, Biology 2, Agriculture 2, Chingerezi 3, Geography 3, Physics 7. Chemistry anaisiya polowa fomu 3 chifukwa pasukulupo mphunzitsi wake anasamutsidwa ndipo wina sanabwere. Akawonkhetsa akuti ndi mapointi 13. Tsiku limenelo tinapha nkhuku, anansi anabwera kudzaimba nthungululu, amfumu akumudzi mpaka anaimba foni.

Ndiye dzulo kwabwera mnyamata wina wa kutchalitchi, amaphunzira ku Poly, waona pepala lija n'kungopukusa mutu. Akuti ndi Physics 7 uinjiniya aiwale. Ine ndinakwiya, ndinati mwina ndi nsanje. Munthu wa mapointi 13 angamukane bwanji pamene ndamvapo ena a mapointi 18 akusankhidwa? Koma usiku nditagona ndinati safunsa anadya phula.

Mafunso anga ndi awa. Kodi mnyamatayu akunena zoona? Ngati ndi zoona, tichite chiyani: abwereze, kapena angotenga maphunziro ena aliwonse omwe angamutenge? Ndipo ngati n'kubwereza, abwereze zonse kapena Physics yokhayo? Ndalama yanga ndi ya zitenje, sindingaitaye pawiri.

AphunzitsiAFizikisi:

Mayi, choyamba landirani ulemu. Mwana wa pa CDSS wopeza 2 pa Masamu si wamba, musalole munthu akuuzeni zina. Koma mnyamata uja alibe nsanje, wakuuzani zoona, kungoti wanena mopanda mchere.

Ndikufotokozereni momwe manambalawa amayendera. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni. Kuyambira 3 mpaka 6 ndi kiredi. 7 ndi 8 ndi pasi chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene anthu amaimbira nthungululu aja amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wachita bwino kwambiri. Mwana wanuyo awonkhetsa Chichewa, Masamu, Biology, Agriculture, Chingerezi ndi Geography, n'kupeza 13. Physics sinalowe n'komwe m'chiwerengerocho. Yabisala kuseri. Ndiye kumudzi 13 ikuwala, koma amene akusankha ana a uinjiniya amayamba kusuzumira kuseri komweko.

Pali zipata ziwiri. Chipata choyamba ndi cha aliyense wofuna yunivesite ya boma: makiredi asanu ndi limodzi, Chingerezi chikhale momwemo. Apa mwana wanu wadutsa bwinobwino. Chipata chachiwiri ndi cha pulogalamu imene iye akufuna. Pa uinjiniya, Masamu ndi Physics palibe pothawira, ziyenera kukhala kiredi, ndipo mapulogalamu ambiri amafunanso Chemistry. Ena monga Chemical Engineering kapena za Metallurgy ndiye Chemistry ndi mtima wake weniweni. Kale tinkaphunzitsa phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, mwana akakhoza limenelo ndiye kuti wamaliza. Silabasi yatsopano italigawa pawiri, ana ambiri a m'masukulu osowa aphunzitsi anayamba kugwera m'dzenje lomwe wagweramo wanuyu: atenga chimodzi, chinzake asiya, osadziwa kuti atseka chitseko ali fomu 3.

Za amene mwamva kuti asankhidwa ndi 18, n'zotheka ndithu. Mwina anasankhidwa ku pulogalamu ina yosalimbiranidwa kwambiri, kapena 18 wawoyo muli Masamu, Physics ndi Chemistry zamphamvu. Mwana wa mapointi 18 wokhala ndi 2 pa Physics ali pafupi ndi uinjiniya kuposa wa 13 wokhala ndi 7. Zikumveka ngati kukondera koma si kukondera. Chaka choyamba cha uinjiniya sichifunsa kuti unakhoza bwanji Chichewa.

Chinanso chimene makolo ambiri sachimvetsa: kukwanitsa zofunikira si kusankhidwa. Kusankha ana opita ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba. Mwana amalemba fomu imodzi, n'kusanja mapulogalamu omwe akufuna motsatana, kuyambira lomwe akulikonda kwambiri. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Kota ija yogawa malo potengera maboma inathetsedwa mu 2020, ndiye chomwe chikulankhula kwambiri tsopano ndi magiredi. Choncho 6 pa Physics, ngakhale ndi kiredi, ikhoza kumulowetsa pamzere koma osamufikitsa pakhomo. Akabwereza asalinge pa 6. Alinge pa 3, 2 kapena 1.

Maganizo anga: abwereze. Koma ndisanapitirize, ndifunseko. Pasukulu pakepo panali labu? Anagwirapo ammeter kapena lenzi ndi manja ake mayeso asanafike?

MayiWaZitenje:

Aphunzitsi, zikomo, ngakhale mtima wanga watsika. Ndamufunsa. Akuti labu kunalibe. Zipangizo anaziona kawiri kokha, atapita kukabwereka kusukulu ina yoyandikana nayo kutatsala milungu iwiri kuti alembe. Akuti pa pepala la pulakitiko anataya nthawi yambiri akulimbana ndi mawaya, osadziwa kuti ayambire pati, mpaka belu linalira asanajambule girafu.

AphunzitsiAFizikisi:

Ndimayembekezera yankho lomweli. Ndiye 7 ameneyo si wa mutu wake, ndi wa manja ake. Mwana amene wapeza 2 pa Masamu sangalephere malamulo a Newton kapena kuwerengera za magetsi. Chomwe chamugwetsa ndi pepala la pulakitiko, ndipo limenelo silichiritsika ndi kuwerenga notsi usiku wonse. Ayenera kulumikiza mawaya yekha, alakwitse, babu lisayake, afufuze chifukwa chake. Akoke sipuling'i, ayeze, ajambule girafu kakhumi mpaka dzanja lizolowere kusankha sikelo.

Ndiye posankha kobwerezera, musayang'ane chikwangwani chokongola pamsewu kapena zithunzi za ana a mapointi 6 zomwe amamata pageti. Lowani mkati. Nenani kuti mukufuna kuona labu. Funsani kuti ana a fomu 4 amalowamo kangati pa sabata, ndipo mufunse anawo, osati ahedi. Masukulu ambiri a boma ali ndi makalasi a masana omwe timawatcha open, ndipo ena mwa iwo amagwiritsa ntchito labu ndi aphunzitsi omwewo a m'mawa pa mtengo wotsika kuposa pulayiveti. Kumeneko n'kumene ndingayambire kufufuza.

Chemistry ndiye phiri lenileni. Anaiphunzira fomu 1 ndi 2, ndiye maziko alipo, koma ntchito ya zaka ziwiri ayenera kuimeza chaka chimodzi: mole, titration, organic chemistry, electrolysis. N'zotheka kwa mwana wamasamu chifukwa mbali yovutitsa anzake, yowerengera ma mole, kwa iye ikhala yophweka. Koma ayambe lero, asadikire teremu itsegulidwe. Mupezereni mabuku a fomu 3, ngakhale akale a pamsika.

Pa funso loti abwereze zingati: ine ana anga ndimawauza kuti alembe zokwana satifiketi yonse pakamodzi, Chingerezi, Masamu, Physics, Chemistry ndi zina ziwiri kapena zitatu zomwe ali nazo kale mphamvu, monga Biology ndi Agriculture. Potero pepala limodzi limadziimira palokha, simudzakhala mukupempha munthu kuti aphatikize izi ndi izo. Komanso chilengezo cha NCHE chaka chilichonse chimatchula zaka za MSCE zomwe akulandira, sangotenga satifiketi ya chaka china chilichonse. Chikatuluka muchiwerenge nokha mzere ndi mzere, pamodzi ndi mndandanda wa zofunikira pa pulogalamu iliyonse, chifukwa zimasinthako. Ndipo masiku olembetsa mayeso ku MANEB musawaphonye. Ndaonapo ana akuwerenga chaka chathunthu dzina lawo lisanalowe n'komwe.

MakanikiWaKuNdirande:

Aphunzitsi anena bwino koma ine ndisiyana nawo pang'ono. Anthu ophunzira mumakonda kunena kuti "abwereze" ngati chaka ndi chinthu chotola pansi. Mayiwa anena kuti ndalama yawo ndi ya zitenje. Chaka chobwereza ndi fizi, ndalama ya mayeso, thiransipoti, sopo, ndipo pamapeto pake palibe amene akulonjeza kuti mwanayo asankhidwa. Mtsikana wa zaka 18 wongokhala pakhomo kudikira zotsatira, kenako kudikiranso mayina atuluke, mukudziwa nokha zomwe zimachitika m'makwalalamu.

Ine MSCE yanga inali yoipa kuposa ya mwanayu. Ndinapita ku technical college, ndinaphunzira zamagalimoto, ndinagwira ntchito m'magalaja a anthu, lero ndili ndi yanga ndipo ndalemba anyamata anayi. Makoleji alipo: Soche konkuno ku Blantyre, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu, Livingstonia. TEVETA imalengeza malo chaka ndi chaka, ndipo atsikana amawalimbikitsa kwambiri kuti alembere. Kuli zomangamanga, zamagetsi, zamapaipi, zowotcherera. Mwana wa mapointi 13 kumeneko akakhala nyenyezi.

Ndipo njira yopita ku digiri siitsekeka. Kuli chomwe amachitcha mature entry. Ukakhala ndi dipuloma yogwirizana ndi pulogalamuyo, n'kugwirako ntchito zaka zingapo, umalembera ku yunivesite mwachindunji osadzera pa mpikisano wa ana ongochoka kusekondale. Mnzanga wina amene tinkagona naye chipinda chimodzi anadzera momwemo, pano ndi injiniya wamagetsi. Anachedwa, inde, koma anafika akudziwa kale kugwira sipanala, pamene anzake ena ankaopa ngakhale kutsegula bokosi la mafyuzi.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, mayi. Si onse amafika pa basi.

AphunzitsiAFizikisi:

Achimwene, njira imeneyo ndimailemekeza, ana anga ambiri adzera momwemo ndipo akudya bwino kuposa ine. Koma tiwauze mayiwa zonse. Mature entry nayonso imayang'ana MSCE, ndipo dzenje la Physics ndi Chemistry likhoza kumudikirira komweko patapita zaka zisanu. Chachiwiri, si pepala lililonse la ku koleji limene yunivesite imalilandira ngati dipuloma yolowera. Satifiketi ya luso la manja ndi dipuloma ya uinjiniya ndi zinthu ziwiri. Chachitatu, olowa mwa njira imeneyi kawirikawiri amalipira fizi yokwera kuposa ana osankhidwa kudzera ku NCHE. Ndiye kutchipa kwa lero kukhoza kukhala kudula kwa mawa. Akanakhala mwana wa 6 pa Masamu ndikanagwirizana nanu osatsutsa. Koma uyu wapeza 2.

MakanikiWaKuNdirande:

Pa fizi mwanena zoona, mnzanga uja anagulitsa poloti. Komabe ndikuti mayiwa adziwe kuti zitseko n'zingapo. Mwana akabwereza n'kusasankhidwa asadzaone ngati dziko latha.

NamwaliWaPaChichiri:

Mayi, ine ndili chaka chachinayi cha Civil Engineering ku MUBAS, komwe anthu akutchulabe kuti Poly. Ndalemba chifukwa nkhani ya mng'ono wangayo ikufanana ndi yanga, kungoti ine ndinali ndi mwayi wa malume amene anandikakamiza kusasiya Chemistry. Ndinalira nawo chaka chonse cha fomu 3. Lero ndikawaona ndimawagulira fanta.

Ndiyambe ndi kumuuza komwe maphunzirowa ali, chifukwa ana ambiri amangodziwa dzina limodzi. Milatho, misewu, nyumba zosanja ndi madamu ndi Civil, ndipo kwathu kuno imagawika: ena amatsata za structures, ena za transport, ena za madzi. Wofuna milatho ndiye wa structures kapena transport. Pano palinso zamagetsi, zamakina, zamigodi, za mphamvu ndi za zipangizo zachipatala. Sukuluyi ndi yakale, inayamba mu 1965, inali pansi pa University of Malawi mpaka 2021 pamene inaima payokha. Ku Thyolo kuli MUST, yomwe inatsegulidwa mu 2014, kumene kuli Chemical Engineering, Biomedical Engineering ndi za Metallurgy. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, kuli Agricultural Engineering ndi Irrigation Engineering. Ku Mzuzu kuli za mphamvu zongowonjezereka monga dzuwa ndi mphepo. Ndatchula zonsezi dala. Mwana wa 2 pa Agriculture ndi 2 pa Masamu asanyoze za ulimi wothirira. Ngalande yaikulu yomwe akukumba ku Chikwawa, yotenga madzi pa Kapichira, ndi ntchito ya mainjiniya, ndipo ili ndi milatho yake, ma siphon ake, konkire yake. Koma nakonso Physics adzaifuna, musaganize kuti ndi khomo lakuseri.

Tsopano chifukwa chimene amaumirira pa maphunziro atatu aja. Ine ndisanabwere ndinkaganiza kuti ndi nkhanza chabe zochepetsera anthu. Semesita yoyamba inandiphunzitsa. Calculus imayamba sabata yoyamba ndipo siidikira munthu. Mechanics ndi Physics yomwe ija ya fomu 4 koma itavala nsapato zachitsulo: mphamvu zokankha, zokoka, zopotokola, zonse uziwerengere pa mtengo umodzi wopingasa. Ukafika chaka chachitatu ukuwerengera kuti mtanda wa konkire ufunika zitsulo zingati, zonenepa bwanji, zitalikirane motani, kuti lole ya matani makumi atatu idutse osauthyola. Chemistry nayo imabwera pomwe sukuiyembekezera. Simenti siuma ngati matope ayi, imachita kugwirana ndi madzi mwa chemistry, n'chifukwa chake konkire timaithirira madzi masiku angapo itathiridwa kale, ndipo mphamvu yake timaiyeza patatha masiku 28. Dzimbiri lodya zitsulo mkati mwa mlatho ndi chemistry. Kuyeretsa madzi akumwa ndi chemistry. Amene analowa ndi maziko ofooka ndi amene ndinawaona akulemba masapu (mayeso obwereza ukalephera) chaka ndi chaka, ena mpaka kuwididwa, kutanthauza kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Kubwerera kumudzi utawididwa chaka chachiwiri kumawawa kuposa kubwereza fomu 4, ndikuuzeni.

Ndiye chaka chobwerezacho asachione ngati chilango. Ngati kusukulu komwe apiteko kuli Additional Mathematics kapena Technical Drawing, ndipo mutu ukumulola, alowemo ngakhale kungomvera nawo. Ine drawing inandizunza koopsa chaka choyamba chifukwa ndinali ndisanagwirepo T-square, pamene anyamata ochokera kumasukulu a zaluso ankamaliza ine ndisananole pensulo. Koma asasenze zambiri mpaka Chemistry n'kugwa. Chofunika choyamba ndi zitatu zija.

Za kudzaza fomu, chonde mudzakhale naye pafupi, kapena mupeze mphunzitsi. Anzanga ena anakhoza bwino koma anadzaza mapulogalamu olimbiranidwa okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi, onse n'kuwaphonya. Ena analemba pulogalamu yomwe phunziro lake lofunikira analibe, mpata umenewo n'kungotayika. Aike chomwe mtima wake ukufuna pamwamba, koma pansi aikepo zomwe magiredi ake akukwanira mosakayikitsa. Ndipo asapatse munthu wa pa kafe ya intaneti kuti amusankhire. Zimachitika, munthu n'kudzapezeka ali ku pulogalamu yomwe sanaimvepo.

Kunena zoona, chaka chino akhozanso kulembera ndi 13 wakeyo mapulogalamu ena omwe safuna Physics, ndipo mwina angamutenge. Apo ndi pofunika kukhala pansi awiri. Akalowa kwina ndi maganizo oti adzasinthira ku uinjiniya mkati, adziwe kuti kusintha si kophweka ndipo Physics 7 ija idzamutsatabe. Asankhe chimodzi ndi mtima wonse.

Kumbali ya ndalama: digiri ya uinjiniya kuno ndi zaka zisanu, osati zinayi. Muwerengere zimenezo. Kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, ambiri timangoti Loans Board, ndipo mwana wamasiye ngati ameneyu ayenera kudzalembera akangosankhidwa. Yambani kusunga mapepala panopa: chiphaso cha imfa ya mayi ake, kalata za kwa amfumu, chitupa chake cha unzika. Ngongoleyo imathandiza koma siikwana zonse. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, ambiri timachita lendi ku Chitawira, Nkolokosa kapena Ndirande, ndipo laputopu pofika chaka chachiwiri imakhala yosapeweka chifukwa zojambula zimasamukira pa kompyuta. Inu muli ku Lunzu, mwina akhoza kumayendera, koma minibasi ya tsiku ndi tsiku nayo ndi lendi ina.

Pomaliza, za kukhala mtsikana. M'kalasi mwathu ndife ochepa, ndipo pa attachment kapitawo wina anandipatsa ntchito yolemba mayina a anthu obwera mochedwa pamene anyamata anawatenga kukayeza ndi level, chipangizo choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo. Ndinapita ndekha tsiku lachitatu n'kukanyamula staff, ndodo yoyezera yomwe imayendera limodzi ndi level, osapempha. Mumuuze kuti chizolowezi chake choima pamsewu n'kumafunsa mafunso asachisiye, ndipo inu musamachite nacho manyazi.

BamboWaKuJoni:

Ndangodutsa, koma ndiponyepo limodzi poti wina akhoza kuwauza mayiwa kuti "ingomutumizani kunja". Ine ndili ku Johannesburg zaka zambiri ndipo ndinayesa kumuitanitsa mwana wanga kuti adzaphunzire kuno. MSCE payokha kuno saiwerengera ngati yokwanira kulowera digiri, amafuna ya pamwamba pake monga A-Level, ndipo pa uinjiniya Masamu ndi sayansi amazifuna zapamwamba zedi. Fizi ya mlendo nayonso si yamasewera. Wanga anabwerera, anakalembanso kumudzi konko. Ku Zambia, pa yunivesite ya UNZA, mwana amayamba chaka choyamba ku sayansi, n'kupikisana kumeneko kuti apeze malo ku uinjiniya. Kulikonse komwe mungapite Physics ikhala itakhala pakhomo. Bola kuigonjetsa pa Lunzu pomwepo pamene nsima ndi yapakhomo.

InjiniyaWaMadzi:

Zambiri zanenedwa kale. Ndiwonjezere chenjezo limodzi lokha, poti mwana akakanidwa ku boma makolo amathamangira ku makoleji a pulayiveti. Ena ndi abwino. Koma musanapereke tambala, onani ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku NCHE, komanso ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka koma pulogalamu ina mkatimo ayi. Mndandanda amautulutsa poyera. Sukulu imene ikukuuzani kuti "Physics 7 palibe vuto, bweretsani fizi" pa digiri ya uinjiniya, muifunse mafunso ambiri.

Chifukwa chake n'chakuti digiri si mapeto. Munthu akamaliza amakalembetsa ku Malawi Engineering Institution ngati graduate engineer, n'kugwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wovomerezeka asanaloledwe kusayinira mapulani payekha. Pepala lochokera kosadziwika limakakutsekereza pamenepo, zaka ndi ndalama zitapita kale. Ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata wina wanzeru zake amene zinamuchitikira, mpaka lero amalembedwa ngati technician.

Ndipo kwa achimwene a galaja: musadandaule, pa saiti ine ndimadalira ma technician kuposa mmene amandidalira iwo. Kungoti wosayinira kuti mlatho uwu anthu awolokepo amayenera kukhala amene anawerengera yekha kuti madzi a chigumula adzafika pati. Mwanayu akuti akufuna mpando umenewo.

MayiWaZitenje:

Abale inu, Mulungu akudalitseni. Ndamuwerengera zonse mokweza dzulo usiku, zina kawiri. Pa za aphunzitsi zoti 7 ndi wa manja osati wa mutu, analira, ndipo ine ndinalira naye. Kenako anatenga kope n'kuyamba kulemba mayina a mitu ya Chemistry ija, kundifunsa kuti titration amalemba bwanji, ngati ine ndingadziwe.

Ndinamufunsa mosabisa za technical college ndi za kulembera pulogalamu ina chaka chino. Bambo a galaja musakhumudwe, anamvetsera bwino, ndipo wati akalephera ulendo uno apita ku Soche osadandaula. Koma wapempha chaka chimodzi. Ndamupatsa. Ndauza amayi a kubanki m'khonde kuti gawo langa la Disembala lisapite ku katundu.

Mnyamata wa kutchalitchi uja ndakamupepesa lero m'mawa, ndipo wavomera kumamuthandiza Physics Loweruka lililonse akaweruka kukwaya. Mawa ndikutseka benchi mpaka masana, tikukaona masukulu awiri omwe ali ndi open. Ndikanena kuti ndikufuna kuona labu, monga mwanenera.

Aphunzitsi, funso limodzi lotsiriza. Ine labu sindinalowemo chibadwire. Ndikalowa ndiyang'ane chiyani kuti ndidziwe kuti ndi yogwira ntchito, osati chipinda chongolembedwa dzina pachitseko?

AphunzitsiAFizikisi:

Yang'anani fumbi, mayi. Mabotolo ndi magalasi akakhala oyera mondandalikana m'kabati yokhoma, matebulo ali mbuu, ndiye kuti ndi zoonetsa alendo. Labu yogwira ntchito imakhala ndi matebulo othimbirira, mabatire otha ali m'katoni pakona, ndi kafungo kena kosasangalatsa. Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka. Kenako mwanayo apemphe burette, ndi kagalasi kataliatali kokhala ndi kampopi kumunsi, ndipo afunse kuti zilipo zingati. Akatulutsa imodzi yokha ya kalasi yonse, thokozani bwino n'kupita kusukulu yachiwiriyo.